ZA MANDA AKALE A KU DZIKO LA UDZU, NDI KUWERENGA KWA ZAKA ZAO

Pakabuka mlandu wa malire a munda, kapena anthu akatsutsana za bwinja lakuti, kuti linali la yani ndi kuti anasamukapo liti, mwambo wathu ndiwo kuitana akuru. Nkhalamba ifika ndi ndodo yace, niloza mtengo umene unali pabwalo, nichula mfumu imene inaweruza masiku amenewo, ndipo mlandu utha. Koma kuli mabwinja ena ndi manda ena amene eni ace anatha zaka 4,000 kapena 6,000 zapitazo, osasiya kalata, osasiyanso mdzukulu wokumbukira dzina lao. Kumeneko mboni ndani? M'nkhani yino tifuna kulongosola umo anthu ophunzira anafunsira nthaka ya dziko lina lakutari, ndi umo anasokera kawiri, napeza njira pa ulendo wacitatu.

DZIKO LACE NDI MITUMBIRA YACE

Kumpoto kwa nyanja ziwiri, Black Sea ndi Caspian, kuli cidikha cacikuru ca udzu, coyambira ku mtsinje wa Danube ku Ulaya, copitirira pa Ukraine, Russia ndi Kazakhstan kufikira ku Mongolia, ulendo wa makilomita ngati 8,000. Dziko lotere alicha steppe, ndilo liu locokera ku Russia. M'cinenero cathu mulibe liu lolingana nalo ndithu. Tikati dambo tilakwa, pakuti dambo lisunga madzi, koma ili ndi louma. Tikati chire tilakwanso, pakuti mitengo ipezeka m'mbali mwa mitsinje mokha. Ndilo dziko la udzu ndi mphepo. M'nyengo yacisanu mitsinje iuma ngati mwala, ndi cipale cofewa cikwirira msipu miyezi yambiri. Pamenepo ng'ombe ndi nkhosa zisauka, koma kavalo apalasa cipale ndi ziboda zace, napeza udzu pansi. Cifukwa cace kavalo ndiye mwini dzikolo kuyambira kale lomwe. Ndipo funso lalikuru la mbiri yace ndi ili: Kodi munthu anayamba liti kukwera pa kavalo, ndi kummanga ku gareta?

Woyenda m'dzikomo aona mitumbira ya dothi yooneka ngati culu cacikuru, yina yolekeza m'cuuno, yina yoposa denga la nyumba kangapo. Mtumbira wotere aucha kurgan, ndipo pansi pace pali manda. Pakati pa zaka za 3300 ndi 2600 Kristu asanabadwe, abusa a dzikolo anali kuika wakufa m'dzenje cagada, maondo ali m'mwamba, namwaza dothi lofiira ngati katondo, naunjika mtumbira pamwamba.

Koma pali mwambo wina umene owerenga ausunge m'mtima, pakuti nkhani yonse itsamira pomwepo. Mitundu yina imene inadza m'mbuyo, poona mitumbira yakale, inali kukumbamo ndi kuikamo akufa ao, niwonjeza dothi pamwamba. Momwemo mtumbira umodzi ukhoza kusunga anthu amene sanadziwana, osiyana zinenero, olekana zaka 1,000 kapena 2,000. Ndipo mafupa ao agona moyandikana ngati abale a mimba imodzi.

MBONI ZITATU

Mboni yoyamba ndiyo kusanjikana kwa dothi. Mai ali yense adziwa kuti padzala phulusa la dzulo likhala pamwamba pa phulusa la caka catha. M'zaka za 1901 ndi 1903 munthu wa ku Russia, dzina lace Vasily Gorodtsov, anakumba mitumbira yambiri pafupi ndi mtsinje wa Donets, napeza manda a mitundu itatu: a dzenje lokha, a dzenje lokhala ndi kacipinda m'mbali, monga umo makolo athu ena anali kukumbira, ndi a dzenje loyalidwa mitengo ngati kanyumba. Popenyetsa kuti manda ati anadula anzao, anazindikira kuti a dzenje lokha ndiwo oyamba, a kacipinda ndiwo aciwiri, a mitengo ndiwo otsiriza. Mau acewo akali ciimire kufikira lero. Koma mboni iyi ingonena wamkuru ndi wamng'ono. Zaka zao siizidziwa.

Mboni yaciwiri ndiyo kufanana kwa zipangizo. Akapeza mkondo kapena mkanda wofanana ndi wina wa ku dziko limene zaka zace zidziwika kale, monga Egypt kumene maina a mafumu analembedwa, anena kuti zinthu ziwirizi nza nyengo imodzi. Mboni iyi ithandiza, koma ili ndi cirema: siinena amene anayamba ndi amene anatsanza.

Mboni yacitatu inapezeka mu 1949, pamene Willard Libby, mphunzitsi wa ku Chicago, anaonetsa muyeso watsopano. Ndipo analandira nao mphotho ya Nobel mu 1960. Macitidwe ace ndi awa. M'thupi la camoyo ciri conse muli kaboni, ndico cija citsala cakuda mtengo ukapsa nusanduka makala. Udzu uitenga mu mpweya, nyama idya udzu, munthu adya zonse ziwiri. M'kaboniyo muli kagawo kakang'ono ndithu ka mtundu wosakhalitsa, kamene akacha kaboni-14. Camoyo cikali ndi moyo, kagawoko kabwezeredwa masiku onse; cikafa, khomo latsekeka, ndipo kayamba kucepa. Zikapita zaka 5,730 katsala theka. Zikapitanso zaka 5,730 katsala theka la thekalo. Kuli ngati nkhokwe ya madengu 80 imene anankafumbwe adya theka lace caka ndi caka: ukapezamo madengu 20, udziwa kuti zapita zaka ziwiri.

Muyeso umenewu uli ndi malamulo ace. Loyamba: popeza kaboni-14 ya mu mpweya siinali yolingana m'mibadwo yonse, ayenera kuongola ciwerengero pocilinganiza ndi mizere ya m'kati mwa mitengo yakale, pakuti m'maiko ozizira mtengo uwonjeza mzere umodzi caka ciri conse. Laciwiri: muyeso suchula caka cimodzi, koma uti, pakati pa caka cakuti ndi cakuti. Lacitatu ndilo loposa: muyeso unena zaka za pfupa lomwe layesedwa, sunena za linzace logona pambali pace. Masiku oyamba kuyesa kunafuna pfupa lalikuru, nililitha. Cotero okumba anali kuyesa makala ndi mafupa wamba, nasunga zinthu zosowa zosazikhudza. Kuyambira mu 1977 kunadza makina oyesa kacidutswa kakang'ono, ndipo milandu yakale inayamba kuzengedwanso.

KAVALO WA KU DEREIVKA

Pa gombe la mtsinje wa Dnieper, m'dziko la Ukraine, pali malo dzina lace Dereivka. Kuyambira mu 1960 Dmitri Telegin anakumba pamenepo bwinja la anthu osadziwa citsulo, ndipo muyeso wa kaboni unati anakhalapo pakati pa 4200 ndi 3700 Kristu asanabadwe. Mwa mafupa a nyama a padzala pao, oposa theka anali a akavalo. Ndipo pamalo pena anapeza cigaza ca kavalo wamphongo wa zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, pamodzi ndi mafupa a mwendo wace ndi mafupa a agaru awiri, zoikidwa monga nsembe.

Koma mafupa okha sanena ngati kavalo anali woweta kapena wa kuthengo wophedwa ndi alenje. Pamenepo anthu awiri a ku America, David Anthony ndi Dorcas Brown, analingalira nzeru. Wokwera pa kavalo amuika cam'kamwa, ndico kacitsulo kapena cingwe copingasa m'kamwa, comangirirako zingwe zomuongolera. Kavalo atopa naco, nacikweza ndi lilime, naciluma ndi mano oyamba a kotafunira. Ndipo pakupita kwa nthawi manowo aperepeseka kutsogolo kwace. Iwo anayesa mano a akavalo ambiri a masiku ano, okweredwa ndi osakweredwa, naona kuti kuperepeseka kofika mamilimita 3 sikupezeka pa akavalo akuru msinkhu osadziwa cam'kamwa. Atafika ku Kyiv, kumene cigaza cija cinasungidwa, anayesa mano ace, napeza mamilimita 3.5 pa lina ndi 4 pa linzace.

Mu 1991 anabukitsa mbiri yakuti munthu anakwera pa kavalo pafupi ndi caka ca 4000 Kristu asanabadwe, gareta asanadziwike pa dziko lapansi. Mbiriyo inalowa m'mabuku ambiri. Koma panali cinthu cimodzi cosacitidwa: zaka zija zinali za mudzi, sizinali za kavalo mwini. Ena ophunzira anakayika, ndipo pomariza pace anadula tizidutswa ta cigaza ndi ta dzino lomwelo, natiyesa ku Oxford ndi ku Kyiv. Yankho linati kavaloyo anafa pakati pa 700 ndi 200 Kristu asanabadwe, m'masiku a Asikuti, anthu okwera pa akavalo amene Agriki analemba za iwo. Anali wamng'ono kwa mudziwo ndi zaka zoposa 3,000. Munthu wina wa nyengo yam'mbuyoyo anakumba dzenje pa bwinja losalidziwa, naikamo kavalo wace. Dothi linabwerera, ndipo okumba sanaona milomo ya dzenjelo.

Taonani, mano sananama: kavaloyo analumadi cam'kamwa. Bwinja silinanama: linalidi lakale. Kusokera kunali pa kulumikiza ziwirizo cifukwa ca kugona pamodzi. Mu 2000 Anthony ndi Brown analemba poyera kuti abweza mau ao a kavalo ameneyo.

MUNTHU WA MUTU WA KAVALO

Kusokera kwaciwiri kunacitika ku Potapovka, pa mtsinje wa Sok, pafupi ndi mzinda wa Samara ku Russia. M'zaka za m'ma 1980 okumba anapeza m'mtumbira wina mafupa a munthu wopanda mutu, ndipo pamalo pa mutu wace panali cigaza ca kavalo. Onse anazizwa. Tsono m'nyimbo zakale za ku India, zochedwa Rig Veda, muli nthano ya mkuru wina dzina lace Dadhyanc, amene anamcotsa mutu wace namuika mutu wa kavalo. Popeza ambiri akhulupirira kuti makolo a oyimba nyimbozo anacokera ku dziko la udzu lomweli, kunaoneka ngati nthano yaturuka m'nthaka ndi mafupa ace.

Nkhani yokoma cotere ibvuta kuikana. Koma pamene anayesa mafupa a munthu pa okha ndi a kavalo pa okha, kunapezeka kuti munthuyo anaikidwa zaka ngati 1,000 kavaloyo asanabadwe. Ndipo odziwa mafupa anati munthuyo anali mkazi, kavalonso anali wamkazi. Cimene cinacitika ndi ici: anthu a m'mbuyo, pokumba manda ao m'mtumbira wakale, anadula manda a mkaziyo ca kumutu, naika nsembe yao ya kavalo pomwepo. Mwambo wa kuika akufa m'mitumbira ya eni ndiwo unapanga cozizwitsaco.

MAGARETA A KU SINTASHTA

Wina angati, Ngati kuli tero, muyeso wa kaboni nchito yace ndiyo kupasula kokha. Iai, mverani za ulendo wacitatu.

Kum'mawa kwa mapiri a Ural, m'cigawo ca Chelyabinsk ku Russia, kuli kamtsinje dzina lace Sintashta. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 Vladimir Gening ndi Gennady Zdanovich anakumba pamenepo mudzi wa linga, wozungulira ngati khola, kupingasa kwace mamita 140. Mtsinje unali utakokolola kale theka lace, koma nyumba 31 zinatsala, zomangidwa mogundana, misana yao ku linga. Ndipo m'nyumba zonsezo munali zizindikiro za kusungunula mkuwa. Kunja kwa linga kunali manda a anthu oikidwa ndi mikondo, nkhwangwa ndi mibvi, ndi akavalo ophedwa pa maliro.

M'manda ena munali cinthu cacilendo. Pansi pa dzenje panali timaenje tiwiri topapatiza, toyandikana. Ndipo m'makoma a timaenjeto munali mizere yakuda. Oika maliro anatsitsa gareta m'manda, nalowetsa njinga zace m'timaenjeto kuti aime. Mitengo inaola kale, koma cithunzi cace cinatsala m'dothi: mkombero wa mita imodzi kupingasa kwace, ndi timitengo 10 kapena 12 tocokera pakati kufika ku mkombero, monga masipoko a njinga yopalasa. Ngolo zolemera za njinga za thabwa lathunthu, zokokedwa ndi ng'ombe, zinadziwika kale zaka zoposa 1,000 m'tsogolo mwace. Koma uyu anali gareta wopepuka wa njinga ziwiri, wothamanga ndi akavalo awiri. Okumbawo akadafulumira ndi makasu, cithunzico cikadatayika pa kamphindi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Nanga zaka zace? Poyamba anafunsa mboni yaciwiri. M'mandamo munali tizipangizo ta pfupa ndi ta nyanga, tozungulira, tokhala ndi minga ku mbali imodzi, toikidwa pa masaya a kavalo pomanga cam'kamwa. Tofanana nato tinapezeka ku Mycenae, m'dziko la Greece, m'manda a mafumu amene Heinrich Schliemann anakumba mu 1876, a zaka za pakati pa 1650 ndi 1500 Kristu asanabadwe. Ambiri anayesa kuti luso liyenera kucokera ku midzi yaikuru ya kumwera kunka kwa abusa a kumpoto. Cotero anaika Sintashta pa nyengo yomweyo ya Mycenae.

Koma pa malo ena a anthu omwewo, dzina lace Krivoe Ozero, Nikolai Vinogradov anapeza manda a munthu mmodzi, gareta mmodzi ndi zigaza ziwiri za akavalo, zonse pansi pa dzenje limodzi losasokonezedwa. Pano sanayesa makala a pambali; anayesa zigaza zomwezo, ndipo mu 1995 yankho linabukitsidwa: pafupi ndi caka ca 2000 Kristu asanabadwe. Pokumbukira kuti mboni imodzi siitha mlandu, ena anayesa mafupa ambiri a m'manda ndi m'midzi yina ya mtundu umenewu, ndipo onse analoza ku nyengo ya pakati pa 2100 ndi 1800. Momwemo magareta a ku dziko la udzu anatsogolera manda a ku Mycenae ndi zaka mazana angapo. Ndipo mwa magareta a njinga za masipoko amene zotsala zao zapezeka m'nthaka, awa ndiwo akale koposa. Mboni ya kufanana inanena zoona kuti zipangizo nzapacibale. Inalephera kunena kholo ndi mwana.

Makani sanatha onse. Mary Littauer ndi Joost Crouwel, odziwa za magareta akale, anati ena a magaretawa ndi opapatiza kwambiri, osayenera nkhondo. Ena awatsutsa, naloza zida zogona pambali pa oyendetsa. Koma za zaka zace, mboni yacilendo inadza kubvomereza. Mu 2021 Ludovic Orlando ndi anzace ambiri, atayesa DNA ya akavalo akale 273, ndico cobadwa naco cotsala m'mafupa, anapeza kuti akavalo oweta a masiku ano acokera ku mtundu umodzi wa ku zidikha za mitsinje ya Volga ndi Don, umene unayamba kufalikira m'maiko ca m'ma 2200 kufikira 2000 Kristu asanabadwe. Ndipo akavalo a m'manda a Sintashta anali a mtundu womwewo.

KUSUNGA MBONI

Milandu itatu iyi inatheka kuzengedwanso cifukwa ca cinthu cimodzi: okumba oyamba anasunga mafupa, nalemba pamene ciri conse cinagona. Pakuti kukumba ndiko kupasula. Manda okumbidwa kamodzi sakumbidwanso. Telegin akadataya cigaza cija atacijambula, cinyengo cace cikadakhala m'mabuku kufikira lero.

Cifukwa comweci ophunzira alimbikira kupulumutsa mabwinja. Mu 1987 kunapezeka mudzi wina wa anthu a Sintashta, dzina lace Arkaim, wa malinga awiri, lina m'kati mwa linzace, ndi nyumba ngati 60, zokhala ndi zitsime ndi ng'anjo. Unapezeka m'cigwa cimene boma linali kumangamo damu, ndipo madzi akadaumiza. Zdanovich ndi anzace anadandaula kwa akuru a dziko osaleka, kufikira nchito ya damu inaimitsidwa, ndipo mu 1991 malowo anapatulidwa kuti asungidwe. Anakumba mbali imodzi ya mudziwo, nasiya yina yosakhudza, kuti a m'tsogolo, amene adzakhala ndi miyeso yoposa ya lero, adzapeze cofunsa. Midzi ya malinga yotere yoposa 20 yapezeka m'cigawo cimeneco.

Muyeso wa kaboni womwewu wagwira nchito kwathu kuno, monga pa bwinja la Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, mudzi wa Akalonga, umene Yusuf Juwayeyi anakumba. Cotero mau awa akhudza ifenso. Wolima kapena wokumba maziko akapeza mapale akale, mikanda kapena mafupa, asazitole ndi kuziunjika pamodzi, koma azisiye monga ziri, nauze mfumu ndi osunga zakale. Pakuti cinthu cocotsedwa pamalo pace cataya theka la umboni wace.

Ndipo wofuna kudziwa zakale, kaya afunsa nthaka kaya afunsa nkhalamba, akumbukire kavalo wa ku Dereivka. Zogona pamodzi siziri zobadwa pamodzi nthawi zonse. Nkhani yokoma koposa ndiyo iyenera kuyesedwa koposa. Ndipo munthu wobweza mau ace poona umboni watsopano sacepa nako. Akuru anati, Mlandu suola. Wa kavalo uja unagona m'nthaka zaka zoposa 2,000, ndi m'nyumba yosungiramo zaka zina ngati 30, koma tsiku lace linafika.